Mbala Yomwe Anaiphikira Tiyi

Sajeni Semisi anali atangoluma keke wokazinga woyamba Loweruka m'mawa pamene Lesieli, mwana wa mlongo wake, analowa mu ofesi osaodira n'komwe. Anatenga keke wachiwiri pambale, n'kuluma, kenaka n'kulankhula.

"Amalume, nyamukani. Ngatu yanga yasowa."

Semisi anangoyang'ana keke uja akutha m'kamwa mwa mwiniwake watsopano. Akanatani? Kuno ku Vava'u, chilumba cha m'dziko la Tonga, mwana wa mlongo wako ndi bwana wako. Akafuna nkhumba yako amakoka, akafuna wotchi amakuvula pamkono, iwe n'kuthokoza kuti wakukumbukira. Semisi anali wapolisi wa zaka makumi awiri pantchito, munthu woti zidakwa za ku doko zikamuona zimayesa kuyenda mowongoka, koma pamaso pa Lesieli anali chabe wotumidwa.

"Yasowa bwanji? Si inali pakhoma dzulo?"

"Inali pakhoma mpaka lero m'mawa. Pano palibe. Ndege ikutera 3 koloko."

Apa mpamene Semisi anasiya kutafuna. Tauni yonse ya Neiafu inkadziwa za ndegeyo. Inkabweretsa mayi Hinewai a ku Auckland, amene ankadzaona chionetsero cha ojambula a pachilumba, kuti asankhe mmodzi yekha wopita ndi ntchito yake ku New Zealand miyezi itatu. Ankabwerera ndi ndege yamadzulo, chifukwa Lamlungu kuno ngakhale ntchentche siuluka. Lesieli anatha miyezi isanu ndi itatu akusula makungwa, kuwamata ndi kujambulapo msika wonse wa Loweruka: amayi a maambulera, milu ya zilazi, ndi nkhumba ikuba chinanazi. Nsalu ya makungwa imeneyo, ngatu, ndi yomwe inkayenera kumutsegulira njira.

"Ukuganizira ndani?" anafunsa Semisi akuvala chipewa.

"Wapolisi ndinu, si ine," anatero Lesieli, maso ali pakhomo.

* * *

Nyumba ya chionetsero inali nkhokwe yakale ya kokonati pafupi ndi doko. Anaipaka laimu, koma dzuwa likatentha fungo la mafuta linkatulukabe m'matabwa. M'makoma munali zithunzi za mabwato, madengu olukidwa, ndi akamba khumi ndi awiri amene Taniela, mdzukulu wa mayi Meleane, anajambula pa mbale zadothi. Akamba onsewo ankaoneka ngati akudwala m'mimba. Khoma lalikulu la kutsogolo linali mbee, lopanda kanthu.

Semisi anayamba ndi chitseko. Loko anali bwinobwino. Mazenera sanathyoledwe. Makwerero anali atapindidwa n'kuimikidwa pakona. Pa tebulo panali kambale ka kapu, ndipo m'kambalemo munali misomali isanu ndi itatu, yowongoka, itandandalikidwa mitu mbali imodzi.

"Mbala yaulemu," anang'ung'udza Semisi.

Kenaka anaona mpando. Unali mpando uja wa zogwirira manja umene amasungira abusa. Wina anaukoka n'kuuika moyang'anizana ndi khoma lopanda kanthulo, n'kuikapo pilo. Pansi pake anayalapo mkeka. Pambali panali kapu ya maluwa ofiira, tiyi atatsala pang'ono, shuga wambiri atakhazikika pansi.

Mayi Kalolaine, osunga kiyi, anali atakhala pakhomo akudzikupiza ndi buku la nyimbo.

"Mayi, munatsegula nthawi yanji?"

"7 koloko, a Sajeni, monga mwa masiku onse, Ambuye atandidzutsa ndi moyo."

"Ngatu inalipo?"

"Inalipo, yokongola ngati munda wa Edeni."

"Ndiye inachoka nthawi yanji?"

"Nthawi yomwe ndinkapemphera."

"Munapemphera nthawi yaitali bwanji?"

Mayi Kalolaine anayang'ana kudenga. "Ola limodzi ndi theka."

"Maso otseka?"

"Kodi inu mumapemphera maso ali tong'o? Ndiye chifukwa chake simukwezedwa pantchito."

Semisi anameza mawuwo n'kuloza kapu ija. "Nanga tiyiyu anamwa ndani?"

"Ine."

"Inu muli ndi matenda a shuga, mayi. Mpingo wonse unakupemphererani mwezi wathawu. Komanso kapu iyi mumaitsekera m'kabati. Ine ndabwera muno kangati, mumandipatsa ya chitini yopanda chogwirira."

Mayi Kalolaine anatsegula buku lija, n'kuyamba kuimba chapansipansi nyimbo ya maliro. Semisi anadziwa kuti apa zatha. Anatuluka.

* * *

Kutsidya kwa msewu kunali Seini, wogulitsa keke, amene malo ake ankayang'ana chitseko cha chionetsero ndendende. Mayi ameneyu palibe chinkamudutsa. Ankadziwa amene ali ndi pakati mwini wake asanadziwe.

"Ndinamuona!" anakuwa Seini, Semisi asanafunse n'komwe. "Mzungu wa m'mabwato aja. Wandevu mpaka pachifuwa."

"Wamtali?"

"Ngati mtengo wa kokonati."

"Anavala chiyani?"

"Kabudula wong'ambika, opanda nsapato, monga amachitira. Wadazi psii."

"Analowera kuti?"

"Ku doko, tsitsi lake lalitali likuuluka chonchi."

"Wadazi uja?"

Seini anatembenuza keke m'mafuta. "Anali awiri."

"Ndipo mayi Kalolaine anawaphikira tiyi m'kapu ya maluwa?"

"Aa, inunso a Sajeni! Azungu samwa tiyi? Tengani keke uyu, mwaonda."

Semisi anatenga. Akutafuna anaona mikwingwirima ya matayala pa udzu: galimoto inabwerera chambuyo mpaka pa sitepe penipeni pa chitseko. Mu Neiafu monse munali dalaivala mmodzi yekha wobwerera chambuyo mokhota chonchi, ngati njoka yaledzera.

Dalaivalayo anali Pauliasi, ndipo Semisi anamupeza pa msika atagona m'takisi yake, mapazi ali pazenera.

"Lero sindinanyamule munthu, bwana. Galimoto yafa. Batire."

Semisi anaika dzanja pa boneti. Inali yotentha moti ukanakazingirapo dzira.

"Ndi dzuwa limenelo, bwana."

"Waimika pansi pa mtengo wa mango."

"Dzuwa la masiku ano limalowa paliponse."

Semisi anatsegula chitseko cha kutsogolo. Mpando unali utakankhidwira kumbuyo mpaka pothera. Munkanunkhira mafuta a kokonati osakaniza ndi maluwa, aja odzola amayi akuluakulu popita kotchuka. Ndipo chodabwitsa kuposa zonse, m'galimoto ya Pauliasi munali mosesa. Zikamba za mtedza za chaka chatha zonse zinali zitachoka.

"Wasesera ndani, Pauliasi?"

Dalaivala uja anatsitsa mapazi, n'kukhala bwino, n'kulankhula motsitsa mawu. "A Semisi, ine ndili ndi ana asanu, ndipo ndikufuna kudzaikidwa m'manda mwaulemu. Ndifunseni za chamba, ndikuuzani. Ndifunseni amene anaba injini ya bwato la abusa, ndikutchulirani ndi dzina la amake lomwe. Koma izi ayi."

Semisi anabwerera ku chionetsero pang'onopang'ono, mtima ukulemera sitepe iliyonse. Anthu atatu onama, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe wonama mwaluso. Sankabisa mbala chifukwa choikonda. Ankaiopa. Inali 12 koloko.

* * *

Semisi anamupeza Lesieli kuseri kwa nyumba atakhala pa bokosi, akuyang'ana kunyanja.

"Tandionetsa manja ako," anatero Semisi.

"Amalume, musandilamule."

"Lero lokha. Mawa ukatenge nkhumba ina."

Lesieli anatambasula manja. Pa chala chachikulu cha kumanzere panali chilonda chatsopano, chikhadabo chitada.

"Hamala," anatero Semisi. "Mbala ikamaba imang'amba n'kuthawa. Siizula misomali umodziumodzi kuti nsalu isaonongeke, siipinda makwerero. Unaitsitsa wekha. Wina anakhala pampando wa abusa, akumwa tiyi wa masupuni anayi a shuga, akukuonerera. Unaipinda, n'kukaiika m'galimoto ya Pauliasi ndi manja akowa. Ndanama?"

Lesieli anabweza manja ake. Misozi inayamba kutsika, iye osaipukuta.

"Pachilumba pano pali munthu mmodzi yekha amene angakuuze kuti tsitsa, iwe n'kutsitsa," anapitiriza Semisi.

"Sindinatchule dzina la munthu ine."

"Azakhali ako. Mayi Luseane."

"Mwatchula ndinu."

Semisi anakhala pansi pa udzu, yunifolomu ndi yonse. Ha! Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mayi Luseane anali mlongo wamkulu wa malemu bambo ake a Lesieli. Zonse zimene Lesieli ankamuchita Semisi, mayi Luseane anali ndi ufulu womuchita Lesieli, kuwirikiza kawiri. Pa ukwati, pa maliro, pa ubatizo, iwo ankakhala pamwamba, ndipo chabwino koposa chinali chawo. Sankapempha. Ankangoloza ndi chibwano.

"Anangoti, 'Iyi ndi yabwino, ipinde,'" anatero Lesieli. "Ndinati zikomo azakhali. Pakamwa panga panatuluka zikomo, amalume! Miyezi isanu ndi itatu!"

"Ndiye unabwera kwa ine chifukwa chiyani? Ukudziwa kuti pamaso pawo ine ndine wophika kukhitchini. Pa maliro a bambo ako ndinasenda zilazi masiku asanu, sindinaloledwe n'kulowa m'nyumba momwe."

"Chifukwa ine sindingawapemphe, ndipo inu simungandikanire."

Zinali zoona, ndipo zinamuwawa Semisi kuti zinali zoona. Koma chinamuwawa kwambiri ndi nkhope ya mwanayo. Anamulera pamiyendo pake, ndipo mwanayo ankamujambulira nsomba m'mabuku ake a polisi ali ndi zaka zinayi. Anaimirira n'kusasa udzu kumatako.

"Pita kwanu ukanditengere mkeka wa m'chiuno, uja timavala popereka ulemu. Sindingakalowe kumeneko ndi lamba wa boma yekha."

* * *

Mayi Luseane ankakhala pamtunda, m'nyumba ya buluu ya zipinda zisanu mmene munatsala iwo okha. Semisi anavula nsapato kumsewu, namanga mkeka m'chiuno pamwamba pa yunifolomu, n'kulowa chowerama. Anakhala pansi pafupi ndi chitseko, miyendo yopinda, mawondo akulira.

Mayiwo anali pabedi m'chipinda chotsegula chitseko. Bedilo linali lalitali kufika m'chifuwa mwa munthu, chifukwa pansi pa matiresi panali mikeka ndi ngatu za zaka makumi asanu. Pamwamba pa mulu wonsewo, pansi pa matiresi penipeni, panatulukira kansonga ka nsalu yatsopano. Pa kansongako Semisi anaona chojambula cha mwendo wa nkhumba ndi theka la chinanazi.

"Iwe Semisi," anatero mayi Luseane. "Wabwera kudzasenda chiyani? Kuno sikunafe munthu."

"Ndimangodutsa, mayi."

"Msewu uno umathera pa khomo langa. Umadutsa kupita kuti, kumwamba?"

Semisi anakhosomola, n'kutulutsa kabuku. "Mayi, kwasowa katundu ku chionetsero. Lamulo limati chinthu chikakhala pa mlandu, apolisi amachisunga ngati umboni. Maola atatu okha basi."

Mayi Luseane anaseka mpaka bedi lonse linagwedezeka. "Umboni! Tabwera udzautenge. Ndinyamule, undiike pansi, utukule matiresi a mlongo wa mlamu wako. Bwera, ndikudikira."

Semisi sanasunthe. Ngakhale atabwera ndi apolisi onse a ku Tonga, palibe akanakhudza bedi limenelo.

"Wakuba ndani pamenepa?" anapitiriza mayiwo. "Dzanja la mwana wa mlongo wanga ndi dzanja langa. Ndikanaisiya pakhoma paja, anthu akanati chiyani? Akanati Luseane waiona, sanaifune, ndiye kuti ndi yachabechabe. Ndamulemekeza mwanayo pamaso pa tauni yonse. Ndinadzuka m'mamawa, ndinadzola mafuta."

"Mukanatha kumulemekeza Lolemba, mayi. Mlendo atapita."

Semisi anadabwa ndi pakamwa pake pomwe. Mayi Luseane anasiya kudzikupiza.

"Wati chiyani?"

"Ndati munkadziwa za ndege."

Mayiwo anayang'ana pakhoma. Panali zithunzi zinayi za ana awo m'mafelemu: anyamata atatu ndi mtsikana mmodzi, onse atavala majekete a kozizira.

"Woyamba anati miyezi itatu, kukathyola maapozi ku New Zealand," anatero mayi Luseane, mawu atatsika. "Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Wachiwiri anati akungokaona mkulu wake. Amatumiza mafiriji, Semisi. Ndili ndi mafiriji atatu. Ndiike chiyani m'mafiriji atatu? Lesieli ndiye amabwera Lachitatu kudzandipesa. Akakwera ndege imeneyo, basi, ndatsala ndi mafiriji."

Semisi anamva chisoni. Koma wotchi inkati 2 koloko yadutsa, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Anatseka kabuku, n'kupumira m'mwamba.

"Mwanena zoona, mayi. Asapite. Ndipotu zakhala bwino, khoma lija silikhala lopanda kanthu. Mayi Meleane atumiza kale anthu kuti asamutsire akamba a Taniela pamenepo."

"Meleane uti?"

"Uja amakhala kutsogolo kwanu m'kwaya. Akuti akasankhidwa mdzukulu wawo, apha nkhumba zisanu ndi chimodzi. Ndamva akuuza Seini kuti banja lina linalonjeza zambiri, koma tsiku litafika linalibe chopachika."

Kunena zoona, mayi Meleane anali asanatume munthu aliyense, ndipo mwina anali kumunda. Semisi analonjeza mumtima kuti mawa akapepesa kwa Mulungu.

"Akamba aja?" Mayi Luseane anatsitsa mwendo umodzi. "Akamba otupa m'mimba aja apite ku Auckland m'dzina la Vava'u? Meleane amene agogo ake ankaweta nkhumba za agogo anga?"

"Nanga titani, mayi? Chimene azakhali atenga sichibwezedwa."

"Wakuuza ndani kuti ndikubweza? Ngatu ndi yanga. Munthu saloledwa kuonetsa katundu wake? Itana Pauliasi. Ndipo tembenukira kukhoma, nditsike."

* * *

Mayi Hinewai analowa m'chionetsero 3 koloko itapitirira ndi theka, atatopa, chikwama chili paphewa. Anapeza Sajeni wa polisi ali pamwamba pa makwerero, mkeka uli m'chiuno, msomali womaliza uli pakamwa. Pansi pa ngatu, pampando wa abusa, panakhala mayi wamkulu atavala zakuda, maluwa ali m'khosi, akuloza ndi chibwano.

"Kumanzere kwatsika. Iwe, maso ako ndi a chiyani?"

Mlendoyo anazungulira nyumba yonse. Pa akamba anaima pang'ono, n'kunena kuti ndi ochititsa chidwi, monga anenera anthu oleredwa bwino. Atafika pa ngatu anaima chilili. Anayandikira, anabwerera m'mbuyo, anayandikiranso. Anaseka ataona nkhumba, kenaka anavula magalasi n'kuwapukuta. Lesieli anaima pakona, chala chovulala atachibisa m'dzanja linalo.

"Wajambula ndani?"

"Ine," anatero Lesieli, mawu ang'onong'ono.

"Ndikufuna ipite ku Auckland, ndi inu nomwe. Mungalole?"

Lesieli anayang'ana kumpando. Mayi Kalolaine anasiya kudzikupiza. Seini, amene anasiya keke akupserera kutsidya, anasuzumira pazenera. Mlendo anaona kumene maso onse alowera, nayenso anatembenuka.

"Funsani mwiniwake," anatero mayi Luseane. "Ndine."

"Pepani, mayi. Kodi mungatibwereke?"

Mayi Luseane anakweza maso n'kuyang'ana Semisi, msomali ukumuzizira pakati pa milomo yake. Semisi anadziwa kuti bodza la akamba latha ntchito. Mayi Meleane sanali m'nyumbamo, ndipo mayi Luseane anali ataona kale zimenezo polowa.

"Katundu wanga sayenda yekha," anatero mayi Luseane. "Anthu akunja sadziwa kupinda ngatu, amaithyola msana. Lesieli apita nayo kuti akaiyang'anire. Ndamutuma ine."

Lesieli anagwa pa mawondo n'kuika nkhope pamiyendo ya azakhali ake, akulira mokweza ngati mwana.

"Tachoka, ukundinyowetsera diresi. Iwe Semisi, tsika apo. Tulutsa kabuku kako kaja."

Semisi anatsika, analavulira msomali m'dzanja, n'kutsegula kabuku.

"Lemba kuti ine Luseane ndabwereketsa zinthu ziwiri kwa miyezi itatu. Mzimayi uyu asayine. Tsiku likakwana, chimodzi chikapanda kubwera, ukwere ndege ukachitenge, unyolo uli m'thumba."

"Chiti makamaka, mayi, ngati pavuta? Nsalu kapena mwana?"

Mayi Luseane anayang'ana ngatu ija kuyambira pamwamba mpaka pansi. Dzanja lawo linali pamutu pa Lesieli, likusalaza tsitsi.

"Nsalu ndili nazo zambiri," anatero.